Phiri Lofunda Bulangeti

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa monga mmene munthu amabisira chigamba cha kumbuyo kwa diresi, poyenda cham'mbali. Koma anthu a kwathu amaifotokoza mokhotetsa, ena mpaka amati ndinamenyedwa ndi musi. Bola ndiinene ndekha. Sindinamenyedwe ayi. Amene anamenyedwa ndi wina, mumumva. Manyazi okha ndiwo anali anga, onse athunthu, osagawana ndi munthu.

Zinachitika nkhondo ya Jeremani ili mkati. Ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pasukulu ya atsikana ya mishoni, kunja pang'ono kwa Fort Jameson. Ndinabwera kuchokera ku koleji ndili ndi setifiketi, nsapato zoyera, ndi pakamwa polemera. M'kalasi ndinkayankhula, poti ana ndi ana. Koma wamkulu akandifunsa kanthu, ndinkayang'ana zala za kumapazi n'kutulutsa liwu limodzi, ngati munthu wopatsa mnansi mchere chaka cha njala.

Pakamwa pakalemera, maso amapepuka. Mumtima ndinkadzitama kuti palibe chimene chimandiphonya. Ndinkadziwa mwana amene wabwera osadya, mayi amene wayambana ndi apongozi, nkhuku imene yayamba kuikira kutchire. Kudzitama kumeneku mukusunge, tikupezanso kutsogolo.

Pamishoni panali lamulo limene aliyense ankalidziwa. Mphunzitsi wamkazi wosakwatiwa akangomveka mbiri ndi mwamuna, makamaka mwamuna wa mwini, choko ankasiya tsiku lomwelo. Amene ndinalowa m'malo mwake anachoka choncho, sutikesi ili pamutu. Ine ntchito ya uphunzitsi ndinkaikonda kuposa china chilichonse, ndipo sindinkaopa. Mbiri ikanandipeza bwanji ine, munthu wopereka moni kwa amuna ndikuyang'ana dothi?

Tsiku lina Asisitere, mkulu wa sukulu yathu, anandiitanira kusitolo, kachipinda kosungira makasu ndi mabuku akale. Anali mzungu wamtali, wansangala, ndipo Chinyanja ankachidziwa ndithu, kupatula vuto limodzi. Kwa iwo chinthu chilichonse chinali munthu. Buku anali "wanga", mpando anali "wabwino", mvula inali "wabwera". Tinazolowera, sitinkasekanso.

Anatsegula bokosi. Munali sitima yachidole, yakuda, ya mabogi ofiira, yopukusa ndi kiyi, pamodzi ndi tinjanji tolumikiza. Mlongo wawo anawatumizira nkhondo isanayambe.

"Agnesi, iwe unakwerapo sitima?"

"Inde, Asisitere."

"Very good! Ana awa abambo awo amapita ku Halale, ku migodi, ku nkhondo, onse pa sitima. Koma ana sanamuone sitima. Kuno njanji kulibe. Tsiku lotsekera sukulu tidzaonetsa ana ndi makolo. Koma osati pansi ngati mphasa, no! Ndikufuna dziko. Mtsinje, mlatho, mudzi, siteshoni, ndi phiri wamkulu woti sitima alowe uku atulukire uko."

"Inde, Asisitere."

"Kalipentala adzakuthandiza. Koma chinsinsi! Usauze munthu. Muzitseka chitseko."

Kalipentala wa mishoni anali a Phiri, bambo wofatsa, wa imvi za m'mbali mwa makutu, pensulo ili kukhutu nthawi zonse ngakhale m'tchalitchi. Akazi awo anali a Nabanda, amayi a Sofiya, amene akaseka kuchitsime tinkawamva m'kalasi. Akakalipa ankamveka mpaka kumunda wa thonje.

Tinayamba ndi tebulo. Silinali tebulo lodyera. Linali lalitali ngati mabedi awiri olumikiza, la miyendo ya bulugamu, mitanda pansi, pamwamba matabwa a mabokosi a sopo ndi a parafini. Pansi pa sitoloyo panali popendekeka, moti titayesa sitima koyamba inathawa yokha n'kukagwera m'manja mwa a Phiri. Tinatha madzulo onse tikulowetsa tizipapati ta matabwa pansi pa miyendo, mbale ya madzi ili pakati pa tebulo kutiuza mbali yotsika.

Tebulo litaima, dziko linali ntchito yanga. Udzu ndinapanga ndi utuchi wa kushopu ya a Phiri, wonyika mu penti wobiriwira. Mtsinje ndinaupaka buluu wochapira zovala, pamwamba n'kuyala zidutswa za galasi la windo losweka. Miyala ya m'njanji unali mchenga wosefa. Mitengo ya waya inali timitengo ta machesi ndi ulusi wakuda. Ndinaumba ng'ombe zazing'ono ngati mtedza, ndi balani la fodya lokhala ndi kakhomo kake. Zonsezi zinkandikomera, ndipo sizinandivute.

Chimene chinandizunguza mutu chinali phiri.

Loyamba ndinaliumba ndi dothi lokhalokha, tebulo linapindika msana. Ndinaligumula. Lachiwiri tinaluka mafupa ake ndi nsungwi ndi waya wa khola la nkhuku, n'kukuta ndi chiguduli. Pamwamba ndinamata manyuzipepala akale ndi phala, kenako n'kuzira ndi dothi la pachulu, lopyapyala. Linatuluka lalikulu ngati munthu wogona chopinda miyendo. Koma likauma msanga linkang'aluka, likauma mochedwa linkachita chuku. Ndipo mphanga yodutsamo sitima ndinkaopa kuiboola. Ndinkaganiza kuti ndikangolowetsa mpeni, lonse ligwera m'kati. Tsiku lililonse ndinkati ndiboola mawa.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi azakhali anga, mayi wamasiye amene anandilera. Tsiku lina ndinafika kunyumba nkhuku zikulowa, ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza.

"Agnesi, sukulu imaweruka dzuwa likadali pamutu. Chikukuchedwetsa n'chiyani masiku ano?"

Kwa Asisitere ndinalonjeza chinsinsi. Kwa azakhali sindinkanama. Ndinati ndidutse pakati, ndipereke liwu limodzi losaulula kanthu.

"Phiri."

Azakhali anasiya mtedza. Anandikodola kuti ndiwerame, n'kutola kautuchi pa duku langa. Anakayang'anitsitsa ngati apeza nsabwe.

"Phiri," anabwereza. "Basi choncho? Phiri?"

"Inde."

"Oho."

Ine wa maso akuthwa uja ndinaona kuti azakhali akhumudwa. Ndinaganiza kuti mtedza wafumbwa.

Patapita masiku, phiri linang'alukanso, ndipo chakudya chinasiya kulowa.

"Sukudya. Ukuganiza chiyani?"

"Za phiri."

"Mpaka kuonda?"

"Mtima wanga wonse uli pa phiri, azakhali."

Anachita chizindikiro cha mtanda. "Mwana wa achimwene anga, zisiye zimenezo. Zikuonongera ntchito."

Ndinadabwa kuti adziwa bwanji kuti ndayamba kuiwala kuchonga makope a ana.

"Sindingasiye," ndinatero. "Ndafika nazo patali."

M'mawa mwake ndinawapempha ufa wa chinangwa.

"Wa chiyani?"

"Phala la phiri."

"Mayo! Wayamba ndi kuphika komwe?"

"Pang'ono pokha. Limafunika lamadzimadzi, ndiye limagwira msanga."

"Limagwira? Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"Ku koleji."

Azakhali anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti anawauza achimwene awo kuti mwana wamkazi sapita kutali ndi sukulu. Ine ndinatenga ufa wanga n'kumapita.

Kenako Asisitere anati dothi lisiya kung'aluka tikamalifunditsa chinthu chonyowa kuti liziuma pang'onopang'ono. Ndinakumbukira bulangeti lakale la azakhali, lofiira la mizere yakuda, limene mudzi wonse unkalidziwa chifukwa linkayanikidwa pampanda Loweruka lililonse.

"Azakhali, mundibwerekeko bulangeti lanu lija."

"Kukuzizira mwezi uno?"

"Ayi. Ndikufuna kufunditsa phiri."

"Masana ano?"

"Masana ndiye makamaka."

Anangokhala pansi pomwe anaima, miyendo ili tambalale. Ine ndinati kukhala chete ndi kuvomera. Ndinalipinda, ndinalisenza pamutu, n'kudutsa nalo pakati pa mudzi kupita kumishoni dzuwa likuswa mtengo.

Zimene ndinamva pambuyo pake ndi izi. Azakhali anauza mnzawo mmodzi yekha kuchitsime, kuti awathandize kundipempherera. Mnzawoyo anauza mnzake mmodzi yekha. Pofika madzulo, ondipempherera anali mudzi wonse. A Nabanda atawafunsa amuna awo chimene timachita m'sitolo chitseko chili chotseka, a Phiri, munthu wosunga pangano, anayankha kuti, "Chimenecho ndi chinsinsi cha ine ndi aphunzitsi."

Ine ndinaona kuti anthu ayamba kundiyang'anitsitsa. Azimayi ankasiya kuyankhula ndikamadutsa. Ndinaganiza kuti akusirira nsapato zanga zoyera, ndipo ndinayamba kuzipaka choko kawiri pa tsiku.

Lamulungu potuluka Misa, a Nabanda ananditsekera njira pansi pa masitepe a tchalitchi. Kumbuyo kwawo kunali azimayi, onse akukonza maduku amene sanasokonekere.

"Aphunzitsi, taimani. Ndamva nkhani."

"Nkhani yanji, mayi?"

"Ya Phiri. Si mmene mumanenera inu ophunzira?"

Chinsinsi cha Asisitere chaululika! Mantha ananditsegula pakamwa.

"Mwamva kwa ndani? Tinapangana kuti tisauze munthu!"

"Hiii!" anatero azimayi aja pamodzi.

"Ndiye ndi zoona?" anafunsa a Nabanda.

"Zoona, mayi. Koma chonde musawakalipire amuna anu. Iwo amangochita zimene ndawapempha."

"Zimene mwawapempha! Nanga chitseko mumatsekeranji?"

"Kuopa ana angaone."

Mayi wina anakhala pansi pa masitepe.

"Simukuopa? Asisitere akamva?"

"Akudziwa kale. Ndiwo anatipatsa kiyi."

A Nabanda anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anthu amati chinthu chotere chinali chisanachitikepo. Ine ndinawamvera chisoni. Ndinati mayiyu akudandaula kuti amuna ake akufika mochedwa kunyumba, bwanji ndimutonthoze.

"Musavutike mtima, mayi. Zatsala pang'ono kutha. Lachisanu ndikangoboola phiri pamimba, basi ndathana nazo."

"Kuboola... pamimba?"

"Inde. Ndakhala ndikuopa, koma tsopano ndalimba mtima. Mpeni ndanola kale."

A Nabanda anagwira kumutu, anakuwa, n'kuliyatsa liwiro la kunyumba, korona ikuuluka m'khosi. Ine ndinabwerera kwathu ndikudziyamikira. Chibadwire ndinali ndisanayankhulepo mawu ambiri choncho ndi munthu wamkulu.

Lolemba a Phiri sanabwere kuntchito. Lachiwiri chimodzimodzi. Akuti a Nabanda anawatsekera m'nyumba, iwo n'kukhala pamtondo pakhomo, musi uli pamiyendo. Ine ndinati ndi malungo. Nditakumana ndi mnansi wawo panjira, ndinamutuma kuti akawauze a Phiri kuti achire msanga, ndikuwadikira Lachisanu.

Lachisanu linafika. A Phiri anali atalonjeza kalekale kuti tsikulo adzapita ku Boma kukatenga penti wotsirizira ntchito. Pangano ndi pangano. Kutangocha anatulukira pawindo, anakwera njinga, n'kupita osatsanzika. A Nabanda podzuka anapeza mphasa yokha.

Ndinali m'kalasi ndikuphunzitsa samu pamene ndinamva phokoso ngati la maliro likubwera. Nditasuzumira, ndinaona a Nabanda kutsogolo, musi uli paphewa. Pambuyo pawo azakhali akulira. Kenako a Lungu, katekisiti wathu, atavala jekete lawo la milandu. Kumbuyo kwenikweni theka la mudzi, ena makasu ali m'manja, poti anangochokera kumunda.

A Lungu anandiitana kuti nditulukire pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, pali mlandu. Mawa ndikautula kwa Bambo Mfumu, wansembe wathu, ndipo inu mukudziwa chimene chimatsatira. Koma choyamba tiuzeni. A Phiri ali kuti?"

"Sindikudziwa, abambo."

"Bodza!" anakuwa a Nabanda. "Lero ndi Lachisanu! Musecheni, ali ndi mpeni!"

Mpeni ndinali nawo ndithu, m'thumba la diresi, wokulunga m'kansalu. Mayi wina anautulutsa n'kuukweza m'mwamba. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo.

Apo azakhali anagwada pamaso pa a Lungu.

"Abambo, mwanayu ndinamulera ndekha. Kale ankati 'a Phiri', atagwada, manja ali pamodzi. Lero angoti Phiri, Phiri, ngati anabadwa nawo tsiku limodzi! 'A' uja anamutaya kuti? Mkazi sataya 'a' pachabe, abambo, inu mukudziwa. Ndiye mtima wake uli pa Phiri. Ndiye phala logwira msanga. Ndiye bulangeti langa, masanasana!"

Pamenepo ndi pamene zinanditsegukira.

Mawu anga onse anabwerera limodzilimodzi, atavala zovala zina. Phala. Chitseko. Kuopa ana angaone. Amangochita zimene ndawapempha. Ine amene ndinkadziwa nkhuku yoikira kutchire, mudzi wonse unali utandikwatitsa kwa mwamuna wa mwini, n'kundisandutsa wopanga mankhwala ndi chigawenga, ine ndili kalikiliki kupaka nsapato choko!

Chiganizo chimodzi chikanandipulumutsa. Ndikanangoti, "Ndi phiri la dothi." Ndinachimva chikukwera pakhosi. Chitafika pa lilime chinaona anthu onse aja, chinabwerera. Ndinayang'ana zala za kumapazi, misozi n'kuyamba kugwera pa nsapato zoyera zija.

"Taonani, akulira."

"Wavomera."

"Kufatsa konse kuja! Madzi odikha ndiwo amamiza."

Ndinadziona sutikesi yanga ili pamutu, ndikutsika msewu umene anatsika mphunzitsi mnzanga uja. Pawindo la kalasi panali mitu ya ana anga onse.

Kenako Asisitere anatuluka mu ofesi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mpulumutsi wafika.

"Chiyani phokoso?"

A Lungu anavula chipewa. "Pepani, Asisitere. Nkhani ndi yochititsa manyazi. Ndi ya aphunzitsiwa ndi... Phiri."

Nkhope ya Asisitere inawala.

"Aa! Phiri wa Agnesi! Mwamva kale? Oh, what a pity. Koma ndi wokongola kwambiri! Agnesi amamukonda. Tsiku ndi tsiku amamusisita ndi madzi."

Chipewa cha a Lungu chinagwa pansi.

"Asisitere... inu munaona?"

"Ndinaona! Ndine ndinamuuza. Poyamba anali wolemera, anafuna kuthyola tebulo. Tsopano ali bwino."

"Ali kuti?" anafunsa a Nabanda, mawu ali pansipansi.

"M'sitolo. Ali pa tebulo, wafunda bulangeti. Ndamuona m'mawa, wang'aluka pang'ono kumsana, koma palibe kanthu. Chabwino, chinsinsi watha. Bwerani muone. Koma musamugwire, akadali wofewa!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike indimeze pamodzi ndi setifiketi yanga. Ndinayesa kukweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi. Palibe anandiona. Gulu lonse linali litatembenuka kale kutsatira Asisitere, amene ankayenda patsogolo akuliza makiyi, akumwetulira ngati akutsogolera ukwati.

Chitseko chinatseguka. M'sitolo munali mdima pang'ono, poti windo tinalitchinga ndi chiguduli. Anthu sanaone mtsinje, sanaone ng'ombe, sanaone siteshoni. Anaona chinthu chimodzi. Pa tebulo panali patagona chimunthu chopinda miyendo, chofunda kumutu komwe bulangeti lofiira la mizere yakuda.

"Bulangeti langa," analira azakhali.

A Nabanda anapita kutsogolo. Mantha onse anawathera, mkwiyo n'kubwerera ndi anzake.

"Inu bambo a Sofiya! Ine ndikulira kuti mwaphedwa, inu muli gone pa tebulo ngati mtanda wa buledi? Dzukani!"

Zii.

"Ndati dzukani! Mukudziyesa mwafa? Dikirani ndikuthandizeni!"

"Mayi, no, ndi wofewa!" anakuwa Asisitere.

Anachedwa. A Nabanda anagwira musi ndi manja awiri ngati mkondo, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuulasa pakati penipeni. Phwoo! Musi unalowa, unapitirira, mutu wake n'kukatulukira mbali inayo utavala bulangeti ngati duku.

Kafumbi kanakwera pang'onopang'ono.

"Mayo ine!" A Nabanda anagwa chagada. "Ndapha! Ndapha bambo a ana anga! Ndipo analibe ndi mafupa omwe!"

Azimayi anayamba maliro pomwepo. A Lungu anayamba pemphero la akufa. Asisitere ankayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti anthuwa akonda bwanji phiri msanga chotere.

Kunja kunamveka belu la njinga. Ngiringiri!

A Phiri analowa akupukuta thukuta, chitini cha penti chili m'manja, pensulo ili kukhutu.

"Kwagwanji kuno? Wamwalira ndani?"

A Lungu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo," anatero.

Ena anathawira pawindo. A Nabanda anakwawa, anawagwira amuna awo mwendo, anawatsina, anawagwira pamimba kuona ngati pali bowo. A Phiri anangoika chitini pansi, anapita pa tebulo, anasolola musi mosamala, n'kuvundukula bulangeti. Chiguduli cha pawindo chinali chitagwetsedwa ndi othawa aja, kuwala kunalowa.

Linali pamenepo phiri langa, la miyala yake ndi timitengo take, msipu wobiriwira m'munsi, ng'ombe zikudya m'mbali mwa mtsinje. Pakati pake panali bowo lozungulira bwino, lolowa uku n'kutulukira uko, ndendende pamwamba pa njanji. Silinagwe. Silinang'alukenso n'komwe.

A Phiri anawerama, anatsinzina diso limodzi, anasuzumira m'bowomo. Anachotsamo tizidutswa ta nyuzipepala, anapinda waya ndi zala, n'kulumikiza njanji zimene zinkadikira mbali zonse ziwiri. Kenako anatenga sitima, anaipukusa ndi kiyi, anaiika panjanji.

Inanyamuka. Inadutsa pasiteshoni, inaoloka mlatho, inakhota pa balani la fodya, inalowa m'phiri. Anthu anagwira mpweya. Inatulukira mbali inayo, mabogi ofiira ali pambuyo, chekecheke, chekecheke.

"Amayi a Sofiya," anatero a Phiri, "dzanja lanu ndi lowongoka. Ife masabata onsewa timaopa."

"Very good!" anakuwa Asisitere akuomba m'manja. "Very, very good, mayi!"

Chiseko chimene chinabuka pamenepo sindidzachimvanso mpaka kumwamba. Anthu ankagwirana, ena kugubuduka pansi pa tebulo, moti a Phiri anachita kugwira miyendo yake kuti tizipapati tathu tisachoke. Mayi amene ananyamula mpeni wanga anandibwezera ndi manja awiri. A Nabanda okha sanaseke msanga. Anayang'ana phiri, anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine. Kenako anaseka, ndipo anamveka mpaka kumunda wa thonje.

A Lungu anatola ulemu wawo pamodzi ndi chipewa, n'kubwera pamene ndinaima, kuseri kwa chitseko.

"Aphunzitsi, ndiye phiri lake ndi ili?"

"Inde, abambo."

"Phala lija?"

"Lomatira."

"Nanga mwana iwe, tikanakuchotsa ntchito! Bwanji sunanene kuti ndi phiri?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Ndinanena."

Mlandu sunafike kwa Bambo Mfumu ngati mlandu. Unafika ngati nthabwala, ndipo akuti anatsamwa ndi tiyi. Ntchito yanga inatsala. Tsiku lotsekera sukulu kunabwera anthu ochokera mpaka ku Chipangali, ndipo Asisitere anasangalala kuti anthu a kuno amakonda sitima. Ine ndinaona bwinobwino, ulendo uno maso anga sananame, kuti sitima ankangoiyang'ana podutsa. Chimene anabwerera chinali kudzaona mphunzitsi wake.

Azakhali anatenga bulangeti lawo lobooka, ndipo anakana kulisoka. Linkayanikidwa pampanda Loweruka lililonse ngati mbendera. Chaka chonsecho, ndikafika pa phunziro la mapiri ndi zigwa, kalasi yonse inkagwidwa chifuwa. Ndipo a Nabanda, kufikira tsiku limene anatisiya, akandiona ngakhale ndili tsidya la msika, ankakweza mawu awo aja kuti aliyense amve:

"Mwadzuka bwanji, mkazi mnzanga? Amuna athu aja sanang'alukenso kumsana?"

Ulemu sulemera, abale. Ine masiku ano ngakhale chulu ndimachitchula kuti a Chulu.